Malamulo Osankhira Opereka Chimbudzi Alembedwe Poyera

Nkhani ya mwezi uno ena adzaiseka, koma ndi nkhani ya moyo ndi imfa. M'matumbo a munthu wangwiro muli tizirombo tambirimbiri tothandiza thupi. Mankhwala amphamvu a kuchipatala nthawi zina amapha tabwinoto, ndipo kachirombo kochedwa Clostridioides difficile kamachuluka, nikatsegula munthu m'mimba kosaleka. Madotolo anapeza kuti akathira chimbudzi cha munthu wangwiro m'matumbo a wodwala, tizirombo tabwino timabwerera. Pa kuyesa kwa ku Amsterdam kumene kunalengezedwa mu 2013, mwa odwala 16 olandira chithandizochi, 15 anachira.

Tsono funso lathu ndi ili: wopereka chimbudziyo asankhidwa bwanji? Kumeneko ndiko kuli bvuto, pakuti chimene chiri m'mimba mwa wopereka chilowa m'mimba mwa wodwala, chabwino ndi choipa chomwe. Bungwe la OpenBiome ku America linkalandira anthu ngati 3 okha mwa 100 odzipereka. Opereka amafunsidwa za maulendo ao ndi mankhwala amene amwa, napimidwa magazi kufuna HIV ndi nthenda za chiwindi.

Koma sefa ikabooka, madeya apita. Mu 2019 ku Boston odwala awiri analandira chimbudzi cha munthu mmodzi chokhala ndi kachirombo ka E. coli kosamva mankhwala, ndipo mmodzi anamwalira. Chimbudzicho sichinapimidwe za kachirombo kameneka. Pambuyo pake bungwe la boma la FDA linalamula kuti opereka onse azipimidwa za tizirombo totere.

Chifukwa chache ife titi malamulo osankhira asakhale m'kabati ya madotolo okha. Choyamba, wodwala auzidwe m'chinenero chache nthenda zimene zinapimidwa, ndi zimene sizinapimidwe, asanabvomere. Chachiwiri, wodzipereka akakanidwa auzidwe chifukwa, kuti asapite kwao ndi manyazi kapena ndi nthenda yosaidziwa. Chachitatu, ngati opereka alipidwa ndalama, zinenedwe, pakuti wofuna ndalama akhoza kubisa kuti anadwala dzulo.

Sitikupempha maina a opereka; amenewo asungidwe mwachinsinsi. Tikupempha muyeso. Wogula chimanga ali ndi ufulu woona sikelo, nanga bwanji munthu wopereka matumbo ache m'manja mwa ena? Lamulo lolembedwa poyera, dotolo wina akhoza kuliwerenga naona pobooka munthu asanafe. Lamulo lobisika, pobooka pache tidzapadziwa pa maliro.