Achimwene, adadi ndi anunso

Asisi, munaionapo filimu yaifupi ya ku Greece ija, What Is That?, yomwe Constantin Pilavios anapanga mu 2007? Bambo wokalamba wakhala pabenchi ndi mwana wake wamwamuna, wamkulu kale. Akumufunsa mobwerezabwereza za kambalame, mpheta, mpaka mwanayo kupsa mtima n'kukalipa. Bamboyo akukatenga kabuku kake kakalekale. M'menemo analemba kuti mwanayu ali ndi zaka 3 anafunsa funso lomweli ka 21, ndipo ulendo uliwonse ankamuyankha n'kumukumbatira.

Chatisangalatsa ife n'choti mulibe mkazi wowayanjanitsa. Amuna awiriwa athana nazo okha.

Nanga kwathu kuno? Adadi akagonekedwa kuchipatala, gadiyani kawirikawiri amakhala amayi, ifeyo kapena alamu athu. Ife kujomba kuntchito, ena kuphonya mayeso, achimwene angotumiza ya mankhwala pa Airtel Money basi. Akayambana ndi adadi, foni imaliranso kwa ife kuti tikawapepesere.

Ayi, zatikwana. Ndalama sizisambitsa wodwala, sizichezanso ndi nkhalamba. Filimuyi atumizireni achimwene anu pa WhatsApp lero, muwafunse kuti adadi anacheza nawo liti komaliza.