MASEWERA NDI MOYO: Gofu, Masewera Amene Munthu Adziweruza Yekha

Munthu wocokera ku mudzi akafika ku Chipata, ku Lusaka kapena m'matauni a ku Migodi, kawirikawiri aona cinthu cimene cimdabwitsa. Aona munda waukulu wa udzu wochechedwa bwino, wopanda cimanga, wopanda nshawa, wopanda ngakhale ng'ombe imodzi yodya msipu. Pakati pa mundawo payenda amuna aakulu, ena a imvi kumutu, alikutsata kampira koyera kosaposa dzira la nkhuku. Akakapeza akamenya ndi ndodo, nayambanso kukatsata. Mlendoyo apukusa mutu nafunsa mumtima mwace kuti: kodi akuluakulu awa asowa nchito?

Funso limeneli ndi loyenera, pakuti masiku ano ana ena a m'midzi amene agwira nchito m'matauni ayamba masewerawa, amene achedwa gofu. Makolo akamva mbiriyi mitima yao siikhazikika. Ena ayesa kuti mwana wao wayamba kunyada, ena aopa kuti ndalama za fataleza zidzathera pa kampira. Motero m'danga la mlungu uno nkhani ya gofu ifotokozedwa mosabisa, ubwino wace pamodzi ndi mbuna zace, kuti makolo adziwe cimene ayenera kufunsa mwana wao.

Dandaulo lakuti gofu alanda amuna ku nchito ndi lakale ndithu. Masewerawa anakulira ku dziko la Scotland, ndipo m'caka ca 1457, m'masiku a Mfumu James Waciwiri, nyumba ya malamulo ya dzikolo inawaletsa cifukwa amuna analikusiya kuphunzira kuponya mibvi, imene inali cida cotetezera dziko. Koma ciletsoco sicinaphe masewerawa. M'caka ca 1744 osewera a ku Leith analemba malamulo 13, amene ndiwo malamulo oyamba olembedwa a gofu, ndipo m'caka ca 1764 bwalo lochuka la ku St Andrews linakonzedwa kuti likhale la maenje 18. Ciwerengero cimeneci ndico cimene mabwalo aakulu atsata kufikira lero.

Ku Zambia gofu anabwera ndi Azungu. Bwalo la ku Livingstone linayamba m'caka ca 1908, ndipo migodi itatseguka makampani anamanga mabwalo ena, monga la Nchanga ku Chingola ndi la Nkana ku Kitwe. M'masiku a utsamunda munthu wakuda analowa m'mabwalo amenewa monga wanchito cabe: wochecha udzu, wothirira madzi, kapena wosenza thumba la ndodo. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964 zipata zinatseguka. Mtsogoleri woyamba wa dziko, Dr. Kenneth Kaunda, anakonda gofu kwambiri, ndipo analikusewera pa bwalo la maenje 9 la ku State House. A David Phiri, amene anasewerera gulu la gofu la yunivesiti ya Oxford, pambuyo pace anakhala mkulu wa Bank of Zambia. Mpikisano wa Zambia Open unayamba m'caka ca 1972, ndipo a Ian Woosnam a ku Wales, amene anaupambana m'caka ca 1985, anapambananso mpikisano waukulu wa Masters ku America m'caka ca 1991. M'caka ca 2006 a Madalitso Muthiya anakhala mwana wa Zambia woyamba kusewera mu mpikisano wa US Open. Motero kunena kuti gofu ndi wa Azungu okha ndi nkhani imene inatha kale.

Kaseweredwe kace n'kosabvuta kukafotokoza, ngakhale kuti n'kobvuta kukacita. Wosewera aimika kampira pa malo oyambira, nakamenya kulozetsa ku kadzenje kamene kali patali, pomwe paimikidwa mbendera. Kadzenjeko m'mimba mwace ndi mamilimita 108, ndiye kuti pakamwa pa kapu yaikulu. Pakati pa njira pali mitengo, maenje a mcenga, madzi ndi udzu wautali. Wosewera amenya kampirako kufikira kalowa, nawerenga kuti wamenya kangati. Atatha maenje onse 18 aonkhetsa, ndipo wopambana ndiye amene wamenya kocepa. Dzenje lirilonse liri ndi muyeso wace wochedwa par, umene kawirikawiri ukhala 3, 4 kapena 5, ndipo pa mabwalo ambiri muyeso wa maenje onse pamodzi ufika pa 72 kapena pafupi pamenepo. Lamulo silola munthu kunyamula ndodo zoposa 14. Zina ndi zomenyera patali, zina ndi zotulutsira kampira mu mcenga, ndipo imodzi ndi yokankhira kampira pang'ono kuti kalowe.

Cimene cikopa munthu wamkulu ku masewerawa ndi cakuti safuna liwiro. Mpira wamiyendo uthamangitsa munthu akangopitirira zaka 35, mawondo akayamba kudandaula, koma gofu alandira ngakhale wa zaka 70. Kuzungulira maenje 18 kutenga maola ngati anayi, ndipo munthu ayenda makilomita 6 kapena kuposerapo. Kwa mlimi amene alima kuyambira mbandakuca, ulendo wotere ndi wacabe. Koma kwa kalaliki, mphunzitsi wamkulu kapena mai wa mu ofesi amene akhala pa mpando mlungu wonse, kuyenda kumeneku ndi mankhwala, popeza matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akonda thupi losayenda. Ndiponso mphamvu zokha sizipambana pa gofu. Womenya mwaukali ataya kampira m'thengo, koma wofatsa afika. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Aliyense amene anaonapo madoda awiri alikusewera nsolo pansi pa mtengo wa mango, osalankhula, aliyense alikuwerenga njira za mnzace, adziwa kale mtima umene gofu afuna.

Palinso dongosolo lina lochedwa handicap, limene lilola wodziwa ndi wophunzira kupikisana mwacilungamo. Wosewera aliyense apatsidwa nambala molingana ndi m'mene wakhala akusewerera, ndipo nambalayo icotsedwa pa ciwerengero cace. Mwacitsanzo, nkhalamba ya handicap 24 ikamenya ka 96, ciwerengero cace citsika kufika pa 72. Mnyamata waluso wa handicap 6 akamenya ka 80, cace cikhala 74. Pamenepo nkhalamba yapambana, ngakhale kuti inamenya kambiri. Cifukwa ca dongosololi tate ndi mwana wace, kapena mwamuna ndi mkazi wace, akhoza kusewera pamodzi popanda wina kucita manyazi.

Komatu cinthu cacikulu ceniceni pa gofu ndi ici: pa masewera a masiku onse palibe woimba mluzu. Pa mpira wamiyendo woweruza athamanga pakati pa osewera, ndipo ambiri ayesa kuti cimene woweruza sanaone si mlandu. Pa gofu munthu alowa yekha m'thengo kukafuna kampira kace, anzace ali patali. Lamulo linena kuti akamenye pomwe kagona. Akakapeza kuseri kwa mtengo, palibe womletsa kukakankha pang'ono ndi phazi. Akakasowa kwa mphindi zitatu ayenera kubvomera kuti katayika, nalandira cilango. Akafuna kumenya naphonya, kuphonyako kuwerengedwa. Zonsezi adziwa ndi mwini wace yekha, ndipo pa khadi palembedwa cimene iye wanena.

Mbiri ya masewerawa isunga dzina la munthu wina wa ku America, a Bobby Jones, amene sanasewere gofu monga nchito yolandirapo malipiro, ndipo pambuyo pace anakhala loya. Mu mpikisano wa US Open wa m'caka ca 1925, ku Worcester, iwo analikukonzekera kumenya mu udzu wautali pamene kampira kao kanasuntha pang'ono. Akuluakulu a mpikisano sanaone, koma a Jones anaumirira kuti alembedwe cilango ca kumenya kumodzi. Pa mapeto anafanana ndi a Willie Macfarlane, ndipo atabwereza masewera a Jones anagonja. Kukanakhala kuti anakhala cete, mwina cikho cikanakhala cao. Anthu ambiri anaiwala amene anapambana caka cimeneco, koma nkhani ya a Jones ikambidwabe.

Khadi nayonso iri ndi lamulo lolimba. Wosaina khadi yoonetsa kuti pa dzenje lina wamenya kocepa kusiyana ndi zoona acotsedwa mu mpikisano, ndipo wosaina nambala yokulirapo aisenza momwemo. M'caka ca 1968, mu mpikisano wa Masters, a Roberto De Vicenzo a ku Argentina anamenya katatu pa dzenje la 17, koma mnzao wolemba analemba 4. Iwo anasaina osayang'anitsitsa, ndipo kulakwa kumodziko kunawamana mwai wolimbirana malo oyamba. Sanaloze mnzao cala. Anabvomera kuti kusaina kunali kwao.

Tsono apa ndi pamene nkhaniyi ifika pa khomo la banja. Munthu amene aphunzira kuwerenga moona pa bwalo ayenera kudziwa kuti ali ndi khadi inanso kunyumba, ndipo khadi imeneyo ndiyo yobvuta. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Gofu adya ndalama: pali copereka ca caka ndi caka ku kalabu, pali ndodo zogulidwa kunja, timipira timene titayika, nsapato, malipiro a wosenza thumba, ndi ulendo wopita ku mabwalo a m'matauni ena. Adyanso nthawi, pakuti maola anayi a pa Ciweru acotsedwa kwa ana amene sanaone tate wao mlungu wonse. Pamwamba pa izi pali nyumba ya kalabu, imene osewera aicha moseka kuti dzenje la 19. M'menemo muli mowa, ndipo amuna ena akhalamo nthawi yaitali kuposa imene anathera pa bwalo. Enanso abecherana ndalama pa dzenje lirilonse, kufikira masewera asanduka juga.

Mwamuna amene auza mkazi wace kuti ndodo yatsopano anacita kupatsidwa, cikhalireco anaigula ndi ndalama za sukulu, wakankha kampira ndi phazi. Mwana amene alembera makolo ace ku Katete kapena ku Petauke kuti caka cino zinthu zabvuta, sadzatumiza za mbeu, koma copereka ca ku kalabu analipira pa nthawi yace, wasaina khadi yabodza. Anzace a ku bwalo sadzadziwa, monga momwe sadziwira za m'thengo. Koma mvula ikagwa mu November sidikira munthu, ndipo munda umene unasowa mbeu ndi fataleza suyankha bodza pa nthawi yokolola.

Palinso munthu wina amene aona zonse, ndiye wosenza thumba, amene achedwa caddie. Kawirikawiri akhala mnyamata wa m'komboni, wodziwa bwalo kuposa mwini thumba. Adziwa kumene mphepo ikankhira kampira, ndi kumene nthaka ipendekera. Akatswiri ambiri pa dziko lapansi anayambira pa nchito imeneyi. Wosewera amene akalipira mnyamatayo cifukwa ca kuphonya kwa iye mwini, kapena amene ammana malipiro ace napita kukagulira anzace mowa, waonetsa ciwerengero cace ceniceni. Ndipo ngati mnyamatayo ali wa msinkhu wa sukulu, wamkulu wanzeru samtenga pa tsiku la maphunziro, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Wofuna kuyamba masewerawa safunikira kudzionetsa. Ndodo zakale zisanu kapena zisanu ndi imodzi zikwanira wophunzira. Maenje 9 atha m'maola awiri, ndipo munthu abwerera kunyumba dzuwa lisanapendeke. Ndi bwino kupempha wodziwa kuti aonetse kagwiridwe ka ndodo poyamba pomwe, cifukwa cizolowezi coipa cibvuta kucicotsa. Miyezi yoyamba ndi ya manyazi: ndodo ikumba dothi, kampira kathawira kumene sikanatumidwe. Koma tsokonombwe anatha mtunda ndi kulumpha. Cofunika koposa ndi cakuti ndalama za masewera zidziwike kwa a m'nyumba, ndipo zipatulidwe pambuyo pa cakudya, sukulu, mankhwala ndi thandizo la kwa makolo.

Motero makolo a ku mudzi asacite mantha pongomva kuti mwana wao asewera gofu. Munthu wamkulu ayenera kukhala ndi kopumira, ndipo kuyenda pa udzu m'mawa kuposa kukhala m'nyumba za mowa kutali. Mafunso ofunsa mwanayo akabwera pa chuthi ndi awa: kodi adzukulu ali pa sukulu? Kodi mpongozi adziwa mtengo wa masewerawa? Kodi thumba la fataleza lija lafika? Akayankha moongoka, osayang'ana pansi, alekedwe atsate kampira kace. Akayamba kuzungulira, akumbutsidwe lamulo la masewera ace omwe, lakuti kampira kamenyedwa pomwe kagona, ndipo munthu alemba pa khadi cimene wacita.