Filimu ya Charlie Wilson ndi eni nkhondo osalankhula

Filimu ya Charlie Wilson's War, yomwe inatuluka mu 2007, ndi yokoma kuonera, ndipo vuto lake lagona pomwepo. Tom Hanks anasewera ngati Charlie Wilson, phungu wa ku Texas wokonda mowa ndi madona, amene ananyengerera aphungu anzake kuti azionjezera mwakabisira ndalama zothandizira ankhondo a mujahideen, asilikali a Soviet Union atalowa m'dziko la Afghanistan mu Disembala 1979. Mawu amene Aaron Sorkin anaika m'kamwa mwa osewera ndi othyakuka bwino, moti woonera amangoseka, n'kuiwala kuti nkhondoyi inathamangitsira anthu mamiliyoni ku Pakistan ndi ku Iran.

Nanga eni nkhondowo ali kuti? Amaoneka kumsasa wa othawa kwawo, ana oduka manja, kuti mtima wa Wilson usweke. Amaonekanso akugwetsa mahelikopita ndi mizinga ya Stinger, yomwe inayamba kuwafika mu 1986. Kupatula apo, ali chete ngati alendo pamaliro a kwawo komwe. Zonse zikupanganidwa ku Washington, ku Houston, ku Cairo ndi ku Islamabad.

Chachikulu chimene filimuyi yazemba ndi funso lakuti zidazo zinkagwera m'manja mwa yani. Bungwe la CIA silinkagawa lokha. Ndalama za America, zomwe Saudi Arabia inkaonjezerapo zofanana nazo, zinkadzera ku ISI, bungwe la akazitape a Pakistan pansi pa ulamuliro wa Zia-ul-Haq, ndipo akazitapewo ankakondera Gulbuddin Hekmatyar. Dzina lomwe woonera amamva ndi la Ahmad Shah Massoud, lomwe ndi losavuta kulinyadira. Koma boma la Najibullah litagwa mu 1992, Hekmatyar yemweyo anavumbitsa mizinga pamzinda wa Kabul, n'kupha anthu wamba amene ankati akuwamenyera ufulu. A Taliban analanda mzindawu mu 1996 uli kale mabwinja.

Otamanda filimuyi amaloza kumapeto kwake, pamene Wilson akupempha madola 1 miliyoni okha omangira masukulu, aphungu anzake n'kumukaniza. Chithunzicho n'chogwira mtima ndithu, ndipo Philip Seymour Hoffman, yemwe anasewera ngati kazitape Gust Avrakotos, amachenjeza momveka kuti chisangalalo chachita kufulumira. Komabe chimene woonera amatolapo n'chakuti America inangolakwa pochoka msanga asilikali a Soviet Union atatuluka mu 1989. Kulakwa kunayamba kale, tsiku limene anasankha wolandira mfuti posayang'ana chimene adzachite nayo mdani akadzapita.

M'chaka chomwecho cha 1986, boma la Reagan linatumizanso mizinga ya Stinger kwa Jonas Savimbi wa UNITA. Nkhondo ya ku Angola inadzatha mu 2002, ndipo kufikira nthawiyo ambiri mwa othawa nkhondoyo anali akukhalabe kumsasa wa Meheba ku Zambia.