NDEMANGA: Funsani musanamate tinti pa magalasi

Ndisanakupatseni makalata anu a lero, ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ina yomwe ambiri timaiyesa yaing'ono. Ndikunena za tinti, kapepala kakuda kaja komwe anthu amamata pa magalasi a galimoto pofuna kuchepetsa kutentha kwa dzuwa.

M'dzinja lapitali ndinakwera galimoto ya abusa ena popita ku maliro kumudzi kwathu. Galimotoyo anali atangoimata kumene tinti wonyezimira ngati kalilole. Tili m'njira, achibale anayesetsa kutiimbira kuti atichenjeze zoti mlatho wa kutsogolo wakokoloka, koma lamya zathu zonse zinangoti zii. Titafika pa mlathowo n'kutsika, mauthenga anayamba kulowa motsatizana. Tinabwerera kukadzera njira ina, ndipo anamfedwa anadikira abusa kwa maola awiri, dzenje atakumba kale.

Kodi chinavuta n'chiyani? Lamya za m'manja, wailesi ndi makina olondolera njira aja a GPS, zonsezi zimadalira mafunde osaoneka ndi maso oyenda mumlengalenga. Mafundewa amadutsa pa galasi mosavuta, koma akagunda chitsulo amabwerera. Tsono popeza thupi lonse la galimoto ndi chitsulo, khomo lawo lalikulu ndi magalasi. Tinti wina amamupanga ndi kachitsulo kopyapyala kwambiri, monga aluminiyamu, kuti azibweza kutentha. Tsoka ilo, kachitsulo komweko kamafooketsanso mafunde aja. M'tauni, pafupi ndi nsanja za lamya, mwina simungazindikire kanthu. Koma kumudzi kuno, komwe netiweki timachita kuisaka pa chulu, kufooka pang'ono kokhako n'kokwanira kukusiyani opanda mawu. Lamya nayo ikamavutika kupeza nsanja imagwira ntchito mwamphamvu, batire n'kutha msanga.

Sindikunena kuti tinti aliyense ndi woipa ayi. Alipo wa utoto chabe, wa carbon, ndi wina wokwererapo mtengo wotchedwa ceramic. Mitundu imeneyi ilibe chitsulo ndipo mafunde amadutsa bwino. Magalasi akuda a kumbuyo omwe galimoto zambiri zochokera ku Japan zimabwera nawo, kawirikawiri mdima wake umakhala m'kati mwa galasi lenilenilo. Choncho vuto si kuda kwake, koma chitsulo. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wonyezimira uja ndiye woyenera kumukayikira.

Nkhaniyi ikukhudzanso zipata zolipirira msewu. Pamene zipata za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke pa msewu wa M1 zinkatsegulidwa mu 2021 ndi 2022, oyendetsa ankaima n'kutsitsa galasi polipira, ndiye za tinti sizinkamveka. Koma ku South Africa, komwe ana athu ambiri amapita ndi mabasi, malole ndi galimoto zawo, kuli kachipangizo kotchedwa e-tag. Amakamata m'kati, pa galasi la kutsogolo, ndipo kamalumikizana ndi makina a pa chipata kudzera m'mafunde omwewa. Makina akakawerenga, ndalama imachotsedwa yokha ndipo mtanda wotseka njira umakwera. Dongosolo lolipiritsa pa misewu ikuluikulu ya m'chigawo cha Gauteng, lomwe linayamba mu 2013, linathetsedwa mu April 2024, koma e-tag ikugwirabe ntchito pa zipata zina, monga za pa msewu wa N1 wochokera ku Beitbridge kupita ku Pretoria. Nako ku India, boma linalamula mu 2021 kuti galimoto zizilipira pa zipata za misewu ikuluikulu ndi kapepala komata pa galasi kotchedwa FASTag.

Mwana wanu akamata tinti wachitsulo pa galasi la kutsogolo, makina atha kulephera kuwerenga kachipangizo kake. Mtanda sukwera, iye n'kuima pa mzere akupapasa m'matumba m'dziko la eni, a m'mbuyo akumuimbira mahutala. N'chifukwa chake makampani ena opanga galimoto zokhala ndi galasi lobweza kutentha amasiya kamalo ka timadontho takuda pafupi ndi kagalasi koonera za m'mbuyo, kuti chipangizo chizimatidwa pamenepo.

Pempho langa lipite makamaka kwa inu abusa, ansembe, asisitere ndi akuluakulu a mipingo. Galimoto ya mpingo imagulidwa ndi chopereka cha anthu osauka, ndipo ndi yomweyo imathamangitsira mayi wodwala ku chipatala usiku. Isakhale malo omwe Akhristu sangakupezeni pa lamya. Musanapereke ndalama, m'funseni womatayo ngati tinti wakeyo ali ndi chitsulo, ndipo akuonetseni zolembedwa pa bokosi. Ngati mwamata kale, imani pa malo amodzi, muone mphamvu ya netiweki magalasi ali otseka, kenaka muwatsitse muonenso. Galasi la kutsogolo lisiyeni momwe lilili, ndipo funsani apolisi a pamsewu zomwe malamulo akunena, poti mdima wambiri umabisanso anthu a pa njinga ndi oyenda pansi usiku.

Safunsa anadya phula. Amene mwakumanapo ndi zotere, tilembereni.

Ine wanu,
Mkonzi