Mphamvu ya damu la nsomba ili m'khoma

Alimi ambiri a ku Songani akafuna kuweta makumba kapena chilunguni amangoganiza zokumba dzenje. Koma pamalo otsetsereka, ngati ambiri a m'chigwa cha Domasi, mbali yakumunsi ya damu imakhala pamwamba pa nthaka, ndipo chogwira madzi ndi khoma basi.

Madzitu ndi olemera. Odzaza mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi kuya amalemera ngati matumba 20 a feteleza a makilogalamu 50. Nanga khoma lounjikidwa ndi khasu tsiku limodzi lingapirire bwanji mvula ngati ya namondwe Freddy ya mu Malichi 2023?

Mangani m'chilimwe. Palani kaye udzu, mizu ndi dothi lapamwamba. Kenaka thirani dothi la makande masentimita 15 okha, muwaze madzi ndi kusinja ndi musi musanaonjezere lina. Apa ndi pamene aganyu amazemba, choncho mwini damu asachokepo. Khoma likhale lotambalala pansi ndi lopendekeka mbali zonse. Bzalanipo kapinga, osati mitengo, chifukwa mizu ikaola imasiya njira ya madzi. Paipi yotayira madzi osefukira isalowedwe m'malo ndi pemphero.

Ena akuthamangira njerwa ndi simenti. Kwa ine, khoma la njerwa imodzi lopanda zipilala ndi kutaya ndalama; likang'aluka limapita ndi nsomba zomwe.

National Aquaculture Centre ili pa Domasi pompano. Musanakagule mbewu ya nsomba, pitani mukayende pamakoma a madamu awo, muyeze kukula kwake ndi mapazi anu.