Musamadumphe nyimbo za agogo anu

Pa 11 June 1988, Hugh Masekela ndi Miriam Makeba anaimba mu Wembley Stadium pamwambo wokumbukira zaka 70 za Nelson Mandela, mwini wake ali m'ndende. Ambiri mwa inu munali musanabadwe. Masekela yemweyo ali ndi nyimbo ya mu 1974 yotchedwa Stimela, imene imatchula Malawi pakati pa mayiko omwe sitima inkatolako anyamata kupita nawo kumigodi ya ku Johannesburg.

Chaka chomwecho, mu April, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera kumigodi. Kamuzu anaimitsa zolemba anthu ntchito ya Wenela. Ndiye mukamva nyimboyo ikulira pa zochitika zathu kuno, dziwani kuti ikunena za agogo a winawake amene wakhala nanu pabenchi limodzi.

Timakuonani. Ikangoyamba nyimbo yodandaula, chala chili kale pa foni kufuna ina. Mumati n'zachisoni, n'za madala. Kuti n'zachisoni sitikukana, ndipo ife sitifuna kuti mukule mukuyesa kuti Mmalawi anabadwira kuvutika. Koma mverani mawu ake kaye.

Nyimbo zimenezi sizitamanda ntchito. Amayi akamasinja pamtondo ankaimba za amuna awo amene anapita ku Joni n'kukhala matchona, osalemba kalata, osatumiza ngakhale bulangete. Kuminda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje anthu anagwira thangata, kulipira malo okhalapo ndi thukuta lawo pa nthaka ya makolo awo. Munthu sakanauza bwana kapena apongozi maso ndi maso kuti ndatopa. Ankaziika m'nyimbo, chifukwa woimba sankaimbidwa mlandu msanga ngati wolankhula. Malipoti a makampani analemba kuchuluka kwa golide ndi tiyi. Za msana wopweteka ndi chifuwa cha kumgodi, zambiri zinasungidwa pakamwa pa oimba.

Ife ena lero timagwira ntchito titakhala pampando, maso pa kompyuta, ndipo tivomereze kuti nafenso nthawi zina timachita manyazi ndi mbiri imeneyi. Koma ntchito ya manja sinathere ku Wenela. Kwerani basi ya N18 mbandakucha muone amene ali m'menemo: amayi ochokera kosamalira okalamba usiku wonse, abambo opita kukanyamula katundu ku Park Royal, ena a iwo ali ndi madigiri m'sutikesi kunyumba. Akafika pakhomo sakuuzani kuti miyendo yatupa. Amangoti "tili bwino", n'kuyatsa nyimbo yakale kukhitchini.

Tsiku lina ikamalira, afunseni kuti mawuwo akuti chiyani. Ngati Chichewa chikukuvutani, aimitse mzere ndi mzere. Mwina ayamba ndi kuseka, kenako akuuzani dzina la amalume awo amene anakwera sitima osabwerako.