Kulawa Kukasanduka Kudya

Pa msika uli wonse wa dziko lino pali mwambo umene sudalembedwe m'buku, koma mwana aliyense amaudziwa. Mayi wogulitsa mtedza wokazinga amalola wogula kutapa njere ziwiri kapena zitatu kuti alawe. Wogulayo akakhutira natulutsa ndalama, pamenepo ndi pamene amaikiridwa basera. Kulawa kumatsogola ndipo n'kochepa; basera amatsatira malonda. Tsono munthu amene angayende mzere wonse wa ogulitsa, kulawa apa, kulawa apo, kufikira mimba itadzaza, kenaka n'kupukuta pakamwa osagula kanthu, msika wonse umam'patsa dzina, ndipo dzinalo si lokoma.

Wolawa wotereyu masiku ano wavala tayi ndipo wakhala mu ofesi. Amene akumulira ndi anthu ogwira ntchito paokha, osalembedwa pa kampani iri yonse: omasulira mabuku, ojambula zizindikiro za malonda, olemba mawu otsatsira katundu pa wailesi, ojambula mapulani a nyumba. Awa ndi amaganyu a cholembera, ndipo monga waganyu aliyense, amadya tsiku limene alipidwa. Akapempha ntchito amauzidwa kuti ayambe apereka chitsanzo chaulere kuti luso lawo lioneke. Amapereka. Yankho silibwera, kapena limabwera lonena kuti mwayi wagwera wina. Patapita miyezi, mwini chitsanzo amakumana ndi mawu ake omwe ali pa chikwangwani m'mbali mwa msewu.

Chinyengochi chimaoneka bwino kwambiri pa ntchito yomasulira. Kachitidwe kake n'kotere. Bungwe liri ndi kabuku ka zaumoyo ka masamba 40 kofunika kukaika m'Chichewa. Limalengeza kuti likufuna womasulira, ndipo anthu 10 amadzipereka. Aliyense amatumiziridwa masamba 4 oti amasulire ngati mayeso. Chimene sauzidwa n'chakuti masamba a uyu si masamba a uyo: woyamba wapatsidwa chiyambi cha kabukuko, wachiwiri masamba otsatira, kufikira wakhumi amene watenga mathero. Mayeso akabwerera, kabuku katha, ndipo palibe tambala imene yatuluka. Anthu khumi aja sadziwana, choncho aliyense amangodziimba mlandu yekha kuti mwina Chichewa chake chidali chopelewera.

Wochenjera uja amaganiza kuti wapindula, koma chimene wasoka ndi nsanza. Womasulira wina adalemba kuti dokotala, wina dotolo, wina sing'anga. Ndipo mayi wa kumudzi amene wawerenga pa tsamba 23 kuti mwana akatentha thupi athamangire naye kwa sing'anga, ndani angamudzudzule akalowera njira ya kuseri kwa mudzi m'malo mwa ya ku chipatala? Ndalama zimene bungwe lidasunga amazilipira ndi anthu amene kabukuko kadalembedwera.

Kunena chilungamo, wofuna kulemba munthu ntchito nayenso ali ndi mantha ake, ndipo manthawo si opusa. Alipo amisiri a pakamwa, odzitama ndi makalata a sukulu, amene amalandira theka la malipiro n'kuzimirira. Palibe amene amagula nkhuku asadainyamule kuti amve kulemera kwake. Funso tsono si lakuti kodi luso liyesedwe kapena ayi, koma lakuti liyesedwe motani. Mayeso oona ali ndi zizindikiro zake. Amakhala aafupi, ndime imodzi kapena ziwiri. Onse oyesedwa amapatsidwa ndime yomweyomweyo, pakuti mphunzitsi sangapereke mafunso osiyana kwa ana a kalasi limodzi n'kumati akufuna kudziwa wopambana. Ndipo chachikulu koposa, chotuluka m'mayeso oona sichikhala chinthu chimene woyesa angakachigwiritse ntchito mawa. Pamene chitsanzo chiri chogwiritsika ntchito, chaleka kukhala chitsanzo. Ndi katundu, ndipo katundu ali ndi mtengo.

Ena amateteza mchitidwewu ponena kuti ndi mpikisano chabe, ndipo mipikisano idayamba kale. Zoona, idayamba kale. Nyumba yotchuka ya zoimbaimba ya ku Sydney, m'dziko la Australia, idachokera mu mpikisano umene anthu oposa 200 adatumizako mapulani awo, ndipo mu 1957 Jørn Utzon wa ku Denmark ndiye adapambana. Koma mpikisano umenewo udalengezedwa poyera, udali ndi malamulo olembedwa, oweruza odziwika, ndi mphotho ya mapaundi 5,000. Aliyense adalowa akudziwa chimene akulowera. Kumeneko n'kosiyana kutali ndi kuitana anthu mmodzimmodzi m'chibisibisi, kulanda za onse, n'kulengeza kuti palibe wapambana. N'chifukwa chake bungwe la akatswiri ojambula la ku America lotchedwa AIGA, limene lidakhazikitsidwa mu 1914, limalangiza mamembala ake kuti apewe kugwira ntchito yongoyembekezera kuti mwina adzalipidwa.

Anthu a dziko lino safunika kuphunzitsidwa ndi alendo za ntchito yopanda malipiro yovekedwa dzina lokoma. Liwu lakuti thangata poyamba lidali labwino: kuthangatana pa dima, lero m'munda mwa uyu, mawa mwa uyo. Eni minda ikuluikulu ya ku mapiri a Shire adalitenga liwulo nalisandutsa goli, kuti munthu azigwira ntchito monga lendi ya malo amene makolo a ena adakhalapo chikhalire. Mkwiyo wa thangata udali pakati pa zimene zidadzutsa John Chilembwe mu 1915, ndipo mchitidwewo udathetsedwa mwalamulo mu 1962. Kungakhale kukokomeza kunena kuti womasulira wa lero ali pa thangata, pakuti palibe kapitawo amene waima pa iye ndi chikoti. Komabe msampha wake ngofanana pa mfundo imodzi: liwu laulemu likubisa phindu loyenda njira imodzi. Kale ankati thandizo. Lero akuti mwayi wodzionetsa.

Nanga lamulo likuti chiyani? Likunena zambiri kuposa m'mene ambiri amaganizira. Dziko la Malawi lidalowa mu pangano la Berne mu 1991, pangano la mayiko limene lidayamba mu 1886, ndipo mfundo yake yaikulu njakuti umwini wa cholembedwa kapena chojambulidwa umabadwa pamodzi ndi ntchitoyo, popanda kukalembetsa kwina kuli konse. Panganolo limatetezanso ntchito yomasulira monga ntchito payokha. Kuno kwathu lamulo la umwini la 1989 lidabala bungwe la COSOMA mu 1992, ndipo lamulo latsopano lidabwera mu 2016. Choncho kutumiza chitsanzo si kugulitsa. Wochisindikiza popanda chilolezo watenga chaeni.

Koma lamulo liri ndi mipata iwiri imene fisi amadutsirapo. Woyamba ngwakuti limateteza mawu ndi chithunzi monga zidaikidwira, osati ganizo lokha. Wojambula akafotokoza pa msonkhano nzeru yake yonse ya m'mene chizindikiro chiyenera kuonekera, ochenjera amangoilemba m'mutu n'kukapatsa mphwawo amene ali ndi kompyuta. Wachiwiri ngwa thumba: ndani angalembe loya ndi kuyenda ku khoti miyezi chifukwa cha masamba 4? Wakubayo adawerengera kale zimenezi. Ngakhale mzinda wa New York, umene mu 2017 udayamba kugwiritsa ntchito lamulo lokakamiza kuti ganyu wa madola 800 kapena kuposerapo akhale ndi pangano lolembedwa, ndi kuti wozemba kulipira alipire kawiri, sungachite zambiri kwa munthu amene adavomera ndi pakamwa pake kugwira yaulere.

Apa ndi pamene nkhani imabwerera kwa amisiri eni ake. Telala amaonetsa luso lake ndi malaya amene adasokera ena, sasoka suti yaulere kuti mkwati akayesere pa ukwati. Womasulira ndi wojambula nawonso ali ndi ntchito zawo zakale zoti aonetse, ndi anthu amene angawachitire umboni. Ngati chitsanzo chatsopano chifunikadi, chikhale chochepa, kapena chilipiridwe ngakhale pang'ono. Chithunzi chitumizidwe chaching'ono, cholembedwa dzina la mwini wake pakati, pakuti pa lamya za masiku ano kuonetsa chinthu ndi kuchipereka n'chimodzimodzi. Ndipo mawu awiri atatu alembedwe, ngakhale pa WhatsApp, onena kuti chitsanzochi n'choyesera kokha, ndi kuti chikagwiritsidwa ntchito mtengo wake ndi wakutiwakuti.

Malangizo amenewa ngosavuta kwa munthu amene dzina lake lidamveka kale. Ngolemera kwa mnyamata kapena mtsikana amene wangotuluka kumene ku koleji, lendi ikumudikira, ndipo akudziwa kuti akakana iye, ena asanu ndi anayi avomera lisanalowe dzuwa. Kumuuza wotereyu kuti alimbe mtima yekha n'kumunyoza. Mutu umodzi susenza denga, ndipo chinyengo cha masamba 40 chija chimakhalira moyo pa chinthu chimodzi chokha, chakuti anthu khumi aja salankhulana. Tsiku limene awiri mwa iwo adzafunsane kuti, "Kodi inu adakupatsani masamba ati?" nsanza yonse idzaonekera msoko. Achikulire pa ntchitoyi, amene angathe kukana osagona ndi njala, ndiwo ayenera kuyamba kukana ndi kuchenjeza ang'ono awo za maofesi amene adalawapo kale osagula.

Ndipo lilipo funso limene ngakhale wongoyamba kumene angathe kufunsa mwaulemu, osataya mwayi wake: ngati ndime imene wapatsidwayo ndi yomwe apatsidwa ena onse, ndi ngati idzasindikizidwa. Ofesi yoona mtima imayankha tsiku lomwelo, pakuti iribe chobisa. Inayo imayamba kunena za kuchepa kwa nthawi.